Chifuwa chikalowa m'kati, musanamizire fodya

Mnyamata wa zaka 14 wochokera cha ku Chamama ku Kasungu anatenga nthawi kuti avule malaya. Atavula, ndinaona dzenje pakati pa chifuwa, loti atagona chagada madzi akhoza kudikhamo. M'mbali mwake munali mphini. Mayi ake anayankhula chapansipansi: "Adokotala, tinamupweteka ndife. Tinkamusenzetsa fodya kupita kuchigafa akadali wamng'ono."

"Amayi, mtima m'malo," ndinatero. Mwana sayenera kugwira ntchito ya fodya, izo n'zoona, koma dzenje ili silichokera kumunda.

Nthiti zimalumikizana ndi fupa la pakati pa chifuwa kudzera m'chicherewecherewe, chija timakukuta kumapeto kwa fupa la nkhuku. Chikakula mokhota chimakankhira fupalo m'kati. Madokotala timati pectus excavatum. Vutoli limakonda anyamata, nthawi zina limayenda m'magazi, ndipo dzenje limazama mwana akamasinkhuka. Mphini sizingalidzutse.

Ambiri safunika mpeni. Ine ndimayamba ndafunsa: akamasewera mpira, kodi amabanika msanga kuposa anzake? Fupa likazama kwambiri limapanikiza mtima n'kuukankhira kumanzere. Timajambula chifuwa ndi CT scan, n'kugawa m'lifupi mwake ndi mpata wotsala pakati pa fupalo ndi msana. Yankho likapitirira 3.25, timayamba kukamba za opaleshoni.

Njira yakale ndi ya Mark Ravitch, ya mu 1949: kucheka kutsogolo, kuchotsa chicherewecherewe chokhotacho, n'kudzutsa fupa. Njira ina anaiyamba mu 1987 ndi Donald Nuss, dokotala wa ku South Africa amene ankagwira ntchito ku Norfolk, ku America. Dokotala amacheka pang'ono m'mbali zonse ziwiri, n'kulowetsa chitsulo chopindika ngati uta kuseri kwa fupa, kamera ikumuunikira. Kenako amachitembenuza, ndipo chifuwa chimadzuka pomwepo, anthu akuona. Chitsulocho chimakhalamo zaka ziwiri kapena zitatu. Sindinamiza munthu: ululu wa masabata oyamba ndi waukulu, ndipo chitsulocho chimadutsa pafupi penipeni ndi mtima, choncho ntchitoyi imafuna manja oizolowera.

Wa ku Kasungu ayambire pachipatala chaboma, kumene angamutumize ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ngati mwana ndi wamtali, wowonda, wa zala zitalizitali, pemphani amuunike mtima, chifukwa dzenjeli limayenderanso limodzi ndi matenda a Marfan.

Mnyamata uja mtima wake unali bwino, mpweya wokwanira. Chimene chinkamudya ndi manyazi: anali atasiya kusamba kudambo ndi anzake, ndipo zimenezo ine sindizichepetsa. Tinakhala pansi, ndinamujambulira nthiti zake papepala, n'kumuuza kuti azibwera tizimuyeza mpaka atasiya kukula. Ulendo wachiwiri anamasula yekha mabatani ndisanamuuze.