Injini ya Josef Papp imene ankati sifuna mafuta

Josef Papp, amene anachokera ku Hungary n'kukakhala ku America, ankanena kuti wapanga injini yosamwa petulo kapena dizilo. Masilinda ake anali otsekeratu. M'kati mwake anathiramo mipweya isanu: helium, neon, argon, krypton ndi xenon. Magetsi akathetheka m'katimo, mpweyawo unkatukumuka n'kukankha pisitoni, ndipo iye ankati umabwerera mwakale wosatha, wosatulutsa utsi. Mu 1984 anapatsidwa chiphaso cha umwini wa luso limeneli ku America.

Ndimamvetsa chifukwa chake nkhaniyi imakopa anthu. Koma mipweya imeneyi siyaka. N'chifukwa chake argon amagwiritsidwa ntchito powotcherera zitsulo, kuti mpweya wamba usafike pachitsulo chotentha. Kuthetheka kwa magetsi kungathe kutenthetsa mpweya ndi kusuntha pisitoni, inde, koma mphamvu yotuluka singapose imene magetsiwo alowetsa. Injini zina za Stirling nazo zimakhala ndi helium wotsekeredwa, komabe zimayenda chifukwa cha kutentha kochokera kunja. Funso langa kwa aliyense wolonjeza injini yotere ndi lakuti: mphamvuyo ikuchokera kuti?

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pachionetsero cha injini ya Papp ku California, katswiri wa sayansi Richard Feynman anakayikira ndipo anakana kubweza chingwe cha magetsi chimene Papp anazula. Posakhalitsa injiniyo inaphulika, munthu mmodzi anamwalira, ena anavulala. Papp anamwalira mu 1989 asanaulule bwinobwino kasakanizidwe ka mipweya yake.