Ndalama ikalowa pa Ulongwe, imagona masiku angati?

Ntchito yanga ndi yolangiza za chuma cha madera, ndipo ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti timangokhalira kulemba mabuku okhuthala a mapulani. Timalembadi, koma funso lomwe limatidyetsa mutu ndi limodzi: ndalama ikalowa m'dera, imadutsa m'manja mwa anthu angati isanatulukemo?

Titenge Ulongwe, kwa Mfumu Kalembo m'boma la Balaka. Ndalama zimalowako ndithu. Zina zimabwera ndi thonje ndi nandolo, zina amatumiza anyamata a ku Joni, zinanso amasiya apaulendo a pa msewu wa M3 wochoka ku Liwonde kupita ku Mangochi, kuphatikizapo alendo okhotera kum'mawa kukaona njovu ku Liwonde National Park. Koma sizikhalitsa. Mlimi akalandira za thonje m'mawa, pofika madzulo wagula malata, sopo ndi mafuta ophikira, zonse zopangidwa kutali, ndipo mawa lake mwini golosale ali pa minibasi kukaoda ku Limbe. Boma likati litukule dera, ntchito yake yeniyeni ndi kuichedwetsa ndalama imeneyi kuti iyambe yafika kwa kalipentala, telala ndi wachigayo wa pompo.

Njira yomwe aliyense amayamba kuiganiza ndi sukulu ya ntchito zamanja. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amasonkhako 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. Mu 2015 boma linayambanso kutsegula makoleji a luso m'madera. Zonsezi n'zabwino. Komabe ine ndimati nthawi zambiri timayambira kumchira. Mukaphunzitsa gulu lonse la matelala pamalo pomwe anthu amavala kaunjika, mwawagulira tikiti ya basi yopita ku Johannesburg, ndipo luso lolipiridwa ndi ndalama za Amalawi likatukula mashopu a eni ake. Tisanatsegule kalasi, tiyenera kudziwa kuti wodzagula ntchitoyo ndani.

Wogula wamkulu m'boma ngati la Balaka ndi boma lomwelo. Sukulu zimafuna madesiki, zipatala zimafuna mafelemu a mawindo ndi zitseko, mijigo imafuna okonza. Mu 2020 kunatuluka lamulo loti mabizinesi ang'onoang'ono azipatsidwa gawo pa zogula za boma, koma kuti mmisiri apikisane nawo pa tenda ayenera kulembetsa bizinesi, kukhala ndi kalata ya msonkho ya ku MRA, n'kulembetsanso ku PPDA, bungwe loyang'anira zogula za boma. Akawoloka zonsezi, pamatsala chigumula china: kudikira malipiro. Munthu wa mpamba wa matabwa a madesiki ochepa sangadikire miyezi. Ofesi yolipira msanga imatukula amisiri kuposa ngongole zambiri za boma, ngakhale palibe nduna ingadule riboni chifukwa cha cheke chotuluka pa nthawi yake.

Nanga luso lotulukira zatsopano? Anthu amaliyang'ana ku yunivesite ya MUST, ku Ndata m'boma la Thyolo, ndipo sakulakwa. Koma imani pambali pa wowotcherera zitsulo wa m'mbali mwa msewu muone. Makina ake anawapanga yekha, mawaya okulungiza pa chitsulo n'kuwamangirira m'bokosi la matabwa, kumaso magalasi a dzuwa wamba. Amawotcherera ngolo, amalimbitsa keriyala ya njinga ya kabaza kuti inyamule matumba, amakonza chitsulo cha chigayo chomwe sitolo ilibe. Magetsi akazima amakhala pa benchi n'kumacheza, tsiku lapita. Munthuyu safunika kuphunzitsidwa kuganiza. Akusowa magetsi odalirika ndi pepala.

Za pepalazi musazione mopepuka. Ku Kangankunde, m'boma la Balaka, kampani ya ku Australia ya Lindian Resources ili ndi mgodi wa miyala yosowa yomwe imafunika popanga maginito a mainjini a magetsi. Kontilakitala wa ntchito zazikulu ngati zimenezi safunsa kuti mwawotcherera zaka zingati. Amafunsa satifiketi, ndipo ikasowa amabwera ndi anthu ake kuchokera ku Blantyre. TEVETA ili ndi ndondomeko yoyesa anthu omwe anaphunzira ntchito pakhonde pa mmisiri wina n'kuwapatsa satifiketi osabwereranso m'kalasi. Mwa zonse zomwe ndimalangiza, iyi ndi yotsika mtengo kwambiri, koma ndi yomwenso amisiri ambiri a kumidzi sanaimvepo.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, akufuna matauni ena akule kuti si onse azithamangira ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo Liwonde ali m'gulu la matauni asanu ndi atatu osankhidwa. Chifukwa chake n'choonekeratu: mtsinje wa Shire, misewu, ndi njanji yopita ku doko la Nacala yomwe yakhalapo kuyambira 1970. Kwa anthu a pa Ulongwe, msika waukulu ukhala pakhomo. Kungoti njanji siisankha katundu. Imatha kutulutsa nandolo wosakonza mofulumira monga momwe ingatulutsire wokonzedwa.

Alimi akukumbukira 2017, dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kwawo, mtengo n'kugwa mpaka ena kungomusunga m'nyumba anankafumbwe n'kumadya. Wogula anali mmodzi, ndipo katundu anali wa mtundu umodzi. Gulu la alimi lofuna kumasenda ndi kuwaza nandolo, kapena kufinya mafuta a mpendadzuwa, limafunika magetsi amphamvu ngati a chigayo, thiransifoma yapafupi, nyumba yaukhondo yoti a Malawi Bureau of Standards aivomereze, komanso munthu wodziwa kukonza makinawo akafa pakati pa nyengo yokolola. Palibe mlimi angagule izi payekha, ndipo chimodzi chikasowa, zinazo zimangochita dzimbiri. Vuto ndi loti chilichonse chili m'manja mwa ofesi yake, bajeti yake ndi chaka chake. Gawo lalikulu la ntchito yanga ndi kukhazika maofesi amenewa pa tebulo limodzi kuti thiransifoma, makina ndi mmisiri zifike pamalo amodzi chaka chimodzi.