Ofunsa mafunso amene sasintha khomo

Achinyamata oyenda ndi mafunso a kafukufuku m'midzi amandichititsa chidwi ndi kukakamira kwawo pa khomo limodzi. Wofunsa wafika, chitseko n'chotseka, eni ake ali kudimba. Pafupi pomwepo mayi wina wayala kale mkeka, akuti bwerani mufunse ine. Wofunsayo amapepesa mwaulemu, n'kudzabweranso madzulo, mwinanso mawa lake.

Lamuloli amalitenga kwa omutuma, monga a National Statistical Office ku Zomba. Pa kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016, anayamba asankha mwa maere timadera 850. Gulu lina linatsogola kukalemba khomo lililonse m'timaderamo, kenako pam'ndandandawo anatolapo makomo 33 pa kadera ka kumudzi ndi 30 pa ka m'tauni. Khomo likatoledwa silisinthidwa. Ofunsa atamangolowa kwa amene apezeka pakhomo masana, wageni kumsika ndi waganyu sangamveke, ndipo manambala a dziko lonse angapendekeke.

Kumudzi zimenezi sizimveka msanga. Ofunsawo amasimba kuti amfumu amafuna kudziwa chifukwa chimene mwadumphira nyumba ya mlongo wawo. Ena amayesa mukulemba mayina a makuponi a feteleza, ndiye odumphidwa amakwiya. Komwe kafukufuku akufuna kuboola chala kuti ayeze magazi, mawu oti anamapopa satenga nthawi kutuluka, ndipo aliyense akukumbukira kuti mu 2017 mphekesera yomweyi inaphetsa anthu ku Mulanje ndi Phalombe.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi malipiro. Ambiri ndi ophunzira, ena mpaka digiri, koma ntchitoyi ndi ya kontrakiti ya masabata kapena miyezi yochepa. Amadandaula kuti owayang'anira amawerenga mafomu odzazidwa pa tsiku, sawerenga mtunda umene munthu wayenda kawiri pachabe. Wotopa amayesedwa kukhala pansi pa mtengo n'kudzaza yekha mayankho, kumene anzake amati kuphika data. Wofufuza wina, Crystal Biruk, anayenda ndi ofunsa otere kuno ku Malawi n'kulemba buku lakuti Cooking Data mu 2018.

Lero matabuleti amasunga nthawi ndi malo pamene mafunso anafunsidwira, kotero wophika amagwidwa msanga. Izi n'zabwino, koma ndikadakonda kuti wobwerera kukhomo kachitatu uja azilipidwanso moyenera, chifukwa kontrakiti ikatha amayambiranso kulemba makalata ofunsira ntchito.