Fupa la Kalulu Limene Linakana Kubweza Chitsulo

Ana inu amene mano ayamba kugwedera, dzino lina likadzaguluka musadzafulumire kulitaya. Mudzalitsuke, mudzaliike pachikhatho n'kuliyang'anitsitsa kunsi kwake. Mudzapeza kuti lilibe muzu. Chonsecho muzu linali nawo, wautali ndithu kuposa mbali yoyera ija imene inkaoneka mukamaseka. Nanga unapita kuti?

Unadyedwa m'kamwa mwanu momwemo. Dzino lachikulire likayamba kukankha kuchokera pansi, thupi limatumiza timaselo tapadera kuti tisungunule muzu wa dzino laubwana pang'onopang'ono, ndiponso kuti titsegule njira m'fupa yoti latsopanolo lidutsemo. Muzu ukatha, dzino limangotsala lende, mpaka tsiku lina latsalira m'chimanga chootcha kapena mu nzimbe. Mano aubwana alipo 20 ndipo amachoka motere. Achikulire akamera onse amakwana 32.

Ndiye kuti fupa la nsagwada zanu limatha kutseguka n'kutsekekanso. Mwina izi zikudabwitsani, chifukwa mafupa amene mumawaona kawirikawiri ndi ouma gwa, ngati a mbuzi otsala pambuyo pa chakudya. Koma fupa la munthu wamoyo ndi lamoyo. Lili ndi mitsempha ya magazi, limamva kupweteka, ndipo likathyoka limatha kulumikizana lokha. M'kati mwake muli magulu atatu a maselo. Ena ntchito yawo ndi kugumula fupa lakale ndi lotopa. Ena amabwera pambuyo pawo n'kumanga latsopano. Gulu lachitatu limakhala phee m'timapanga ting'onoting'ono m'kati mwenimweni mwa fupa, kumvetsera kuti fupalo likulemedwa pati, kenako n'kutumiza uthenga kwa ogumula ndi omanga aja. Kwa munthu wamkulu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mafupa ake limasinthidwa chaka chilichonse. Kwa inu amene mukukula, ntchitoyi imathamanga kwambiri kuposa pamenepo.

Dokotala wina wa ku Germany, Julius Wolff, analemba buku mu 1892 lofotokoza kuti fupa limalimba pamene likugwira ntchito, ndipo limachepa pamene langokhala. Anthu amene amapita m'mlengalenga anadzatsimikiza zimenezi ndi matupi awo. Kumeneko munthu amangoyandama, miyendo yake sinyamula kanthu, ndipo mafupa a m'chiuno ndi m'miyendo amatha kuchepa ndi gawo limodzi pa 100 aliwonse mwezi umodzi wokha. N'chifukwa chake amachita masewera olimbitsa thupi pafupifupi maola awiri tsiku lililonse.

Nanga nsagwada zimanyamula chiyani? Zimanyamula kutafuna. Dzino silinamatidwe kufupa ayi. Limapachikika m'kadzenje kake ndi timitsempha tambirimbiri tooneka ngati ulusi, ndipo mukaluma chinthu limatitimira pang'ono kwambiri, moti maso sangaone, n'kukoka timitsemphato. Timitsempha timeneti ndi tatcheru zedi. Ndito timakuuzani kuti mwaluma kamwala mumpunga lilime lisanadziwe n'komwe. Mukamakukuta mtedza kapena chinangwa, kukoka kumeneku kumafika kwa maselo omvetsera aja, ndipo iwo amalamula kuti fupa lozungulira dzinolo lisamalidwe.

Dzino lachikulire likachotsedwa, uthenga uja umasiya kubwera. Thupi silisunga fupa limene likuona kuti latha ntchito, choncho ogumula amayamba kulichepetsa. Ofufuza anayeza n'kupeza kuti m'chaka chimodzi chokha, fupa la pamene panali dzino limatha kuchepa m'lifupi mpaka theka, ndipo kuchepa kwambiri kumachitika m'miyezi itatu yoyambirira. Mukaona agogo amene mano anatha, milomo yawo italowa m'kati ndipo chibwano chikuoneka ngati chayandikira mphuno, dziwani kuti si ukalamba wokha. Fupa limene linkagwira mano linachepa. Ngakhale mano ovala aja, amene amavula usiku, amangokhala pamwamba pa nkhama osafika kufupa, ndipo pakapita zaka amayamba kukhwepa chifukwa fupa la pansi pake likunka lichepa.

Madokotala ankadziwa kuti chofunika ndi muzu watsopano wolowa m'fupa. Anayesa golide, anayesa zitsulo zosiyanasiyana, koma nthawi zambiri zinkagwedera n'kuchoka. Thupi silikonda mlendo. Munga ukalowa kuphazi n'kuthyokera momwemo, pamatupa, pamachita mafinya, mpaka utuluke. Likalephera kutulutsa chinthucho, thupi limachikulunga ndi kamnofu kofewa, ndipo chinthu chokulungidwa m'mnofu wofewa sichingalimbe mokwanira kutafunira.

Yankho linachokera kwa munthu amene sankaganiza za mano n'komwe. Mu 1952, mumzinda wa Lund ku Sweden, dokotala wachinyamata dzina lake Per-Ingvar Brånemark ankafuna kuona mmene magazi amayendera m'kati mwa fupa lamoyo. Anapanga timachubu ting'onoting'ono tokhala ndi galasi, n'kutiika m'mafupa a miyendo ya akalulu kuti azisuzumiramo ndi maikulosikopu. Timachubuto tinali ta chitsulo chotchedwa titaniyamu, chopepuka koma cholimba, chimene amapangiranso zipangizo za ndege. Kafukufuku atatha anafuna kuchotsa timachubu take kuti akatigwiritsenso ntchito. Anakoka, osatheka. Fupa linali litagwira chitsulocho zolimba moti sizikanalekanitsidwa popanda kuthyola fupalo.

Munaonapo mtengo umene anamangirirapo waya wa mpanda kalekale, wayayo atamezedwa ndi khungwa moti simungamusolole? Fupa la kalulu linachita zotero ndi titaniyamu. Chinsinsi chake n'chakuti chitsulochi chikangokhudzana ndi mpweya chimachita kachikuto kopyapyala kwambiri pamwamba pake. Kachikutoka sikachita dzimbiri m'thupi ndipo sikaputa chitetezo cha thupi, choncho maselo omanga aja amafika n'kuyala fupa latsopano pachitsulo penipeni, popanda mnofu wofewa pakati.

Chimene ndimachikonda mwa Brånemark n'chakuti sanaone zimenezi ngati tsoka la kuonongeka kwa zipangizo zake basi. Anadzifunsa kuti, kodi fupa likagwira chitsulo chonchi, chingathandize ndani? Ndipo sanathamange. Anafufuza kwa zaka zoposa 10 asanayese pa wodwala. Mu 1965, mumzinda wa Gothenburg, anakumana ndi Gösta Larsson, bambo amene anabadwa ndi vuto la m'kamwa ndi nsagwada, ndipo analibe mano kunsi. Kudya ndi kuyankhula zinkamuvuta. Brånemark anamuika timisomali tinayi ta titaniyamu m'nsagwada, n'kudikira miyezi ingapo kuti fupa ligwire, kenako anamangirirapo mano. Bambo Larsson anatafunira mano amenewo zaka zoposa 40, mpaka pamene anamwalira mu 2006.

Madokotala ambiri a mano sanamukhulupirire msanga, mwa zina chifukwa iye sanali dokotala wa mano. Zinasintha mu 1982 pa msonkhano wa ku Toronto, m'dziko la Canada, pamene anaonetsa zotsatira za odwala ake a zaka zambiri. Lero anthu mamiliyoni amaikidwa mizu yotereyi chaka chilichonse.

Ntchito yake imafuna dzanja lofatsa. Dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, n'kuboola kadzenje m'fupa mwapang'onopang'ono, uku akuthira madzi ozizira. Madziwo ndi ofunika chifukwa fupa likatentha kupitirira madigiri 47 kwa mphindi imodzi yokha, maselo ake amafa, ndipo fupa lakufa silingagwire kanthu. Kenako amalowetsa kamsomali kamazinga ka titaniyamu. Nthawi zambiri amadikira miyezi itatu kapena kuposerapo, ndipo fupa likagwira amamangirira dzino loumbidwa mofanana ndi anzake. Munthu akayamba kutafunira, maselo omvetsera aja amalandiranso uthenga, ndipo fupa la pamenepo limasungika.

Komatu Brånemark sanali woyamba kuyesa. Mu 1931, ku Honduras, Wilson Popenoe ndi mkazi wake anafukula chibwano cha munthu wa mtundu wa Maya amene anakhalako cha m'ma 600. Pamalo a mano atatu akutsogolo panali tizidutswa ta chigoba cha nkhono ya m'madzi, tosemedwa ngati mano. Poyamba akatswiri ankati anamuika atamwalira kale. Koma mu 1970 dokotala wa ku Brazil, Amadeo Bobbio, anajambula chibwanocho ndi X-ray n'kupeza kuti fupa linali litamera mozungulira tizigobato. Fupa limamera mwa munthu wamoyo yekha.

Tsono bwanji ngati fupa linachepa kale, moti palibe poti kamsomali kagwire? Apa ndi pamene ofufuza ambiri akulimbikira masiku ano. Njira imodzi ndi kutenga kafupa pang'ono kwina m'thupi la munthu yemweyo, monga pachibwano kapena m'chiuno, n'kukaika pamalo operewera. Ina ndi kuthirapo timibulu ta fupa la ng'ombe loyeretsedwa kwambiri, kapena timibulu topangidwa m'fakitale. Timibuluto si fupa lamoyo, koma timapatsa mitsempha ya magazi ndi maselo omanga poyambira. Pamwamba amaphimbapo kansalu kapadera, chifukwa nkhama zimamera msanga kuposa fupa, ndipo zikapanda kutchingidwa zimalanda malo onse fupa lisanafike.

Mu 1965, chaka chomwecho chimene Bambo Larsson anaikidwa timisomali tija, ku Los Angeles, dokotala wina dzina lake Marshall Urist anachita chinthu chodabwitsa. Anatenga tizidutswa ta fupa, n'kutisungunula ndi asidi mpaka kashiamu yense atachoka, kenako anatiika m'minofu ya akalulu, pamalo pamene sipakhala fupa. Patapita milungu ingapo, m'minofumo munamera fupa latsopano. Anazindikira kuti m'fupa muli mapuloteni ena amene amalamula maselo kuti asanduke omanga fupa.

Mapuloteni amenewa anadzathandiza bambo wina wa zaka 56 ku Germany, amene khansa inamudyera mbali yaikulu ya chibwano. Mu 2004, madokotala a mumzinda wa Kiel, motsogozedwa ndi Patrick Warnke, anajambula mutu wake pa kompyuta n'kupanga chikombole cha waya wa titaniyamu chofanana ndi chibwano chimene chinasowa. Anachidzaza ndi timibulu ta fupa, mapuloteni aja ndi mafuta a m'mafupa a bamboyo. Kenako, tamvani izi, anachiika mumnofu wa kumsana kwake, kumunsi kwa phewa, kumene magazi amayenda ambiri. Patatha milungu 7 fupa linali litamera. Analichotsa pamodzi ndi mitsempha yake ya magazi n'kukalilumikiza kunkhope. Pasanapite nthawi bamboyo anadya buledi ndi soseji, chakudya chake choyamba chotafuna patatha zaka 9.

Mwina wina akufunsa kuti, ine dzino langa lachikulire litathyoka pa mpira, angandiike kamsomali? Ayi, osati panopa. Nsagwada zanu zikukulabe, ndipo mano enieni amasuntha limodzi ndi fupa chifukwa cha timitsempha tija. Kamsomali kalibe timitsempha, kamangokhala pamene anakaika, choncho kangatsalire m'munsi anzake akukwera. Madokotala amadikira mpaka munthu atasiya kukula, cha m'ma zaka 18 kapena kupitirira. Ndiponso chithandizochi n'chodula kwambiri, ndipo kuno kwathu madokotala a mano ndi ochepa. Malawi inayamba kuphunzitsa yokha madokotala a mano a digiri mu 2019, pa sukulu imene lero ndi Kamuzu University of Health Sciences.

Choncho dzino lachikulire likaguluka lonse ndi muzu womwe pa ngozi, chitani izi. Litoleni pogwira mbali yoyera, osakhudza muzu. Musalikweche kapena kulipukuta, chifukwa pamuzupo pali timitsempha tamoyo tija. Liikeni mumkaka kuti lisaume, uzani munthu wamkulu, ndipo thamangirani kuchipatala lisanathe ola limodzi. Nthawi zambiri dokotala amatha kulibwezera m'malo mwake n'kugwiranso. Dzino laubwana lokha ndilo silibwezeredwa, poopa kuvulaza lachikulire limene likudikira pansi. Ndipo nkhama zikamatuluka magazi potsuka mano, musabise. Chiseyeye chikakhalitsa chimadya fupa logwira mano, ndipo mano abwinobwino amayamba kugwedera.

Ng'ona za mu Shire zilibe nkhawa zonsezi. Dzino likachoka limamera lina, ndipo pamalo amodzi pakhoza kumera mano mpaka 50 pa moyo wa ng'ona imodzi. Ife timamera kawiri kokha. Ku Japan, dokotala wa mano Katsu Takahashi ndi anzake anapeza kuti m'thupi muli puloteni yotchedwa USAG-1 imene imaletsa mano owonjezera kumera. Atapanga mankhwala otsekereza puloteniyo n'kupatsa mbewa zobadwa ndi mano osakwanira, mano anamera. Mu 2024 anayamba kuyesa mankhwalawo pa anthu akuluakulu ku chipatala cha Kyoto University, poyamba kuti aone ngati sakuvulaza thupi. Zikayenda bwino, amene akufuna kuyamba kuwathandiza ndi ana amene anabadwa opanda mbewu za mano ena achikulire.