Treasure Island: Chuma, Achifwamba ndi Long John Silver

Treasure Island ndi buku la Robert Louis Stevenson, mlembi wa ku Scotland yemwe anabadwira ku Edinburgh mu 1850. Nkhaniyi inayamba kutuluka zigawozigawo m'magazini ya ana ya Young Folks mu 1881, ndipo buku lathunthu linasindikizidwa mu 1883. Gwero lake linali mapu a chilumba omwe Stevenson anajambula pocheza ndi Lloyd Osbourne, mwana womupeza.

Mbali yaikulu ya nkhaniyi amaisimba ndi Jim Hawkins, mnyamata yemwe makolo ake anali ndi nyumba ya alendo. Mlendo wina, Billy Bones, atamwalira, Jim anapeza m'bokosi lake mapu osonyeza pomwe Flint, mkulu wa achifwamba apanyanja, anakwirira chuma. Dokotala Livesey ndi bwana Trelawney anakonza ulendo wokafuna chumacho, ndipo sitima ya Hispaniola inanyamuka ku Bristol.

Komatu mtima wa bukuli uli pa wophika wa m'sitimamo, Long John Silver. Ndi bambo wa mwendo umodzi, wansangala, woyenda ndi chinkhwe paphewa, ndipo Jim anamukonda kwambiri. Usiku wina, ali mumgolo wa maapulo, mnyamatayu anamva Silver akupangana ndi anzake zolanda sitima ndi kupha eniake. Atafika pachilumba, anamuona ndi maso ake akupha munthu yemwe anakana kulowa nawo chiwembucho. Wina anganene kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma Silver sathera pamenepo. Jim atagwidwa ndi achifwamba, ndi Silver yemweyo amene anamutchinjiriza. Kaya chinali chikondi, kaya ankafuna mboni yodzamupulumutsa ku chingwe, Stevenson amasiyira wowerenga kuti aweruze yekha. Apa ndiye pagona luso lake, pakuti Jim akukula pozindikira kuti wokuseketsa ndi wokupha akhoza kukhala munthu mmodzi.

Dyera nalo silinasiye mbali. Ngakhale Livesey ndi Trelawney, anthu olemekezeka, anawolokera nyanja golide wokhathamira magazi. Achifwamba atafika pomwe chuma chinakwiriridwa anapeza dzenje lokhalokha, chifukwa Ben Gunn, yemwe anatayidwa pachilumbapo zaka zitatu, anali atafukula kale chumacho.

Pobwerera, Silver anathawa ndi thumba la ndalama osalangidwa, pomwe Jim anatsala akulota maloto oopsa. Buku la ana lolimba mtima kutha motere ndi losowa, n'chifukwa chake akuluakulu nawonso ayenera kuliwerenga.