MALAMULO ATATU A KUWONGOLERA

Mlimi wa kwa Kadewere, m'boma la Chiradzulu, akamanga dengu la tomato panjinga kupita kumsika, amadalira maso ndi manja. Maso amaona kumene njinga ikuloŵera, ndipo manja amaibweza ikapatuka. Akalephera, tomato yense amaphwanyikira mumsewu. Wokwera njinga waluso amatsata malamulo atatu.

Lamulo loyamba limayang'ana kukula kwa kupatuka. Njinga ikapatuka pang'ono, iye amakhotetsa chiwongolero pang'ono. Ikapatuka kwambiri, amakhotetsanso kwambiri. Koma akapitiriza muyeso, njinga imayenda mokhotakhota ngati njoka.

Lamulo lachiŵiri limayang'ana nthaŵi. Mphepo ya chiperoni ikamawomba kuchokera mbali imodzi, njinga imakhalabe kumbali pang'ono. Kupatukako kukakhalitsa, iye amawonjezera mphamvu pang'onopang'ono mpaka kutheretu. Lamuloli likakula mphamvu, njinga imapitirira pakati nkukafika mbali inayo.

Lamulo lachitatu limayang'ana liŵiro. Akaona kuti njinga ikubwerera mofulumira, amayamba kuwongola chiwongolero asanafike pakati pa msewu. Komabe sayenera kudzidzimuka ndi kamwala kalikonse, chifukwa manja anganjenjemere pachabe.

M'chaka cha 1922, katswiri wina dzina lake Nicolas Minorsky, atapenyetsetsa m'mene amalinyero amawongolerera sitima zapamadzi, analemba malamuloŵa m'masamu kuti makina aziwatsata. Akatswiri amawatchula ndi zilembo zitatu, PID.

Kuno ku Malaŵi ntchito yotere imachitika ku Nkula, pa mtsinje wa Shire, kumene anayamba kupanga magetsi m'chaka cha 1966. Kumeneko madzi amazungulitsa gudumu lalikulu. Anthu ambiri akayatsa magetsi ndi zigayo, gudumulo limayamba kuchepa liŵiro. Pamenepo makina owongolera, amene amayeza liŵirolo nthaŵi zonse, amatsegula zitseko kuti madzi aloŵe ambiri. Anthu akazimitsa, zitseko zimatsekeka pang'ono. Liŵiro likasokonezeka kwambiri, makina amawonongeka kapena magetsi amazima, ngakhale m'zipatala. Nchifukwa chake akatswiri amalinganiza malamulo atatuŵa mosamala, kuti lina lisapose linzake.

Mafunso

1. Kodi chimachitika nchiyani wokwera njinga akakhotetsa chiwongolero mopitirira muyeso?
2. Ndi lamulo liti limene limathandiza mphepo ikamawomba?
3. Fotokozani ntchito ya zitseko za madzi ku Nkula.