Kodi mumadziwa? Kandege n'kanu, koma mlengalenga ndi mwa eni ake

Kodi mumadziwa kuti Cessna 172, kandege ka mipando inayi ndi injini imodzi, ndiyo ndege yomwe yapangidwa yambiri kuposa ina iliyonse padziko? Chiyambireni 1956 zatuluka m'fakitale zoposa 44,000. Yatsopano lero simungaipeze pansi pa madola 400,000 a ku America, ndipo kugulako ndi poyambira chabe. Imamwa malita 30 kapena kuposerapo pa ola, injini yake imafunika kuimasula yonse ikakwanitsa maola pafupifupi 2,000, ndipo ngakhale itangogona m'shedi osauluka, makaniko wovomerezeka ayenera kuiunika chaka ndi chaka.

Nanga mumadziwa kuti ku America, komwe kuli ndege za anthu wamba zambiri kuposa kwina kulikonse, ndegezi zimachita ngozi zoposa 1,000 pa chaka, ndipo pafupifupi 200 mwa ngozizo zimapha anthu? Zambiri sizichitika chifukwa chakuti injini yathima. Zimachokera kwa woyendetsa: wanyamuka nyengo isali bwino, waperewera mafuta, kapena ndege yamupulumuka pokhota. Uku n'kwawo, komwe amadziwa mapiri, malamulo ndi chilankhulo. Akadutsa malire, zonse zitatuzi zimasintha nthawi imodzi.

Kodi mumadziwa kuti zilembo za pamchira wa ndege zimanena kwawo kwa ndegeyo? Za ku Malawi zimayamba ndi 7Q, za ku Zambia 9J, za ku Mozambique C9, za ku South Africa ZS, za ku Britain G, za ku America N. Laisensi ya woyendetsa iyenera kukhala yovomerezedwa ndi dziko lomwe ndegeyo inalembetsedwa. Sungani mfundoyi, tiipezanso kutsogoloku.

Kodi mumadziwa kuti pangano la ku Chicago la 1944, lomwe linabala bungwe la ICAO, limayamba ndi kunena kuti dziko lililonse ndi mwini wa mlengalenga wa pamwamba pake? M'maiko ambiri a mu Africa, Asia ndi Middle East, kandege kachilendo kamafunika chilolezo chodutsa ndi china chotera, chilichonse ndi nambala yake, tsiku lake ndi ndalama zake. Mvula ikakuchedwetsani mpaka tsikulo kudutsa, mumayambiranso kupempha. Mu November 2016 gulu la okonda ndege zamakedzana, lomwe linkachokera pachilumba cha Crete kupita ku Cape Town, linatsekeredwa masiku angapo pabwalo la ndege la Gambela ku Ethiopia, boma likunena kuti linalowa popanda chilolezo choyenera.

Mumadziwa za Mathias Rust? Pa 28 May 1987 mnyamata wa ku West Germany ameneyu, wa zaka 18, ananyamuka ku Helsinki ndi Cessna 172 yobwereka n'kukatera pafupi ndi Red Square, pakatikati pa Moscow. Choseketsa n'chakuti tsikulo dziko la Soviet Union linkakondwerera asilikali ake olondera malire. Nduna ya zachitetezo, Sergei Sokolov, ntchito inamuthera pomwepo. Rust anagamulidwa zaka zinayi, ngakhale anatuluka mu August 1988.

Iye anachita mwayi kuti sanamuombere. Pa 20 April 2001 ndege yankhondo ya ku Peru inathira zipolopolo kandege ka amishonale pafupi ndi Iquitos, poganiza kuti kanyamula mankhwala ozunguza bongo. Ndege ya bungwe la CIA ndi yomwe inkakatsatira n'kumauza asilikaliwo komwe kali, ndipo kusamvana chilankhulo pakati pa Amereka ndi asilikali a ku Peru kunali mbali ya vutolo. Mayi Veronica Bowers anafa limodzi ndi khanda lawo la miyezi 7. Woyendetsa, ali ndi mabala m'miyendo, anakwanitsa kukhazika kandegeko pamtsinje. N'chifukwa chake wouluka kunja amaloweza pamtima kuti ndege yankhondo ikabwera pambali n'kugwedeza mapiko, ikutanthauza kuti nditsate, ndipo wailesi aziitchera pa 121.5.

Kodi mumadziwa kuti tindege tambiri ta pulopela sitimwa mafuta a ndege zikuluzikulu? Zikuluzo zimamwa Jet A-1, womwe ndi mtundu wa palafini ndipo amapezeka pabwalo lililonse lalikulu. Tating'onoti timafuna petulo wotchedwa avgas 100LL, wothiridwa utoto wabuluu kuti asasokonezeke, komanso wokhala ndi mtovu. Magalimoto anasiyiratu petulo wa mtovu mu 2021, dziko lomaliza linali Algeria, koma tindege tidakaumwabe. M'madera ambiri a Africa ndi Asia avgas ndi wosowa, moti ozungulira dziko amatumiziratu migolo ya malita 200 miyezi ingapo ulendo usanayambe. Mgolo ukatsegulidwa mumalipira wonse, kaya thanki yadzadza theka lake litatsala.

Choopsa chenicheni chili pa pampu. Wothira mafuta akasokoneza n'kuthira Jet A-1 mu injini ya petulo, injiniyo imalira bwinobwino poyamba chifukwa m'mapaipi mukadali petulo wakale. Imadzayamba kugogoda n'kudziwononga ndege itangochoka pansi, pomwe palibenso pokhotera. Oyendetsa anzeru sachoka pafupi ndi phiko pothira mafuta. Akatha amakhetsera pang'ono m'kabotolo koonekera, n'kuyang'ana mtundu wake padzuwa, kununkhiza, ndi kuona ngati pansi pake padikha timadontho ta madzi.

Nanga mumadziwa kuti galoni ya ku America ndi malita 3.8 pomwe ya ku Britain ndi malita 4.5? Wosokoneza ziwirizi akhoza kunyamuka ndi mafuta ochepa kuposa amene walemba papepala.

Kodi mumadziwa kuti tindege tambiri timawoloka nyanja ya Atlantic tokha, osati pa sitima? Njira yake yodziwika kuyambira kale ndi yodzera kumpoto: Goose Bay ku Canada, Narsarsuaq ku Greenland, Reykjavik ku Iceland, kenako Wick ku Scotland, ndipo chigawo chilichonse ndi makilomita pafupifupi 1,200. Bwalo la Narsarsuaq linamangidwa ndi asilikali a ku America mu 1941, kumapeto kwa khwawa lalitali la nyanja lozingidwa ndi mapiri. Kwa zaka zambiri, munthu akafika n'kupeza nkhungu yatseka, bwalo lina linali kutali makilomita mazanamazana. Woyendetsa amauluka atavala kale chovala cha labala chophimba thupi lonse, chifukwa m'kandege mulibe malo ovalira zinthu zitavuta, ndipo m'madzi ozizira chotero manja amauma m'mphindi zochepa, munthu osathanso kukwera m'kabwato kopopa. Ku Greenland mabwalo ambiri satsegula Lamulungu, ndipo wofuna kuti amutsegulire amalipira ndalama yoti akanagonera mu hotela masiku angapo.

Ya Pacific ndiye ilibe n'popumira pomwe. Kuchoka ku California kukafika ku Hawaii ndi makilomita pafupifupi 3,900 a madzi okhaokha. Amachotsa mipando yakumbuyo n'kuikamo mathanki owonjezera, ndegeyo n'kunyamuka itapitirira kulemera kwake kovomerezeka, pachilolezo chapadera. Mu January 2015 woyendetsa Cirrus SR22 panjira imeneyi anapeza kuti mafuta a m'mathanki owonjezerawo sakufika ku injini. Mwayi wake unali wakuti ndege za Cirrus zili ndi parachuti yonyamula ndege yonse. Alonda a panyanja anamulondolera komwe kunali sitima ya alendo yotchedwa Veendam, iye n'kukoka chogwirira cha parachutiyo, ndegeyo n'kutsikira m'madzi pang'onopang'ono. Munthu anamuvuula wamoyo, ndege inamira.

Kodi munamvapo za Jay Prochnow? Mu December 1978, kusanabwere GPS, ankapititsa Cessna 188 ku Australia. Atachoka ku Pago Pago kulunjika ku Norfolk Island, chipangizo chake cholozera njira chinamunamiza, ndipo anasochera pamwamba pa nyanja dzuwa likupendeka. Kaputeni Gordon Vette, yemwe ankayendetsa DC-10 ya Air New Zealand yonyamula anthu, anamva pempho pa wailesi n'kupatuka kukamufuna. Anauza Prochnow kuti alozetse mphuno ya ndege kudzuwa n'kunena zomwe kampasi ikuwerenga, kenako atambasule mkono n'kuyeza ndi nkhonya ndi zala kutalika kwa dzuwa kuchokera pomwe thambo likukumana ndi madzi. Naye Vette ankachita chimodzimodzi, n'kumayerekeza. Anayerekezanso nthawi yomwe dzuwa linalowera kwa aliyense. Prochnow anatera pa Norfolk Island pakati pa usiku, atakhala m'mwamba maola pafupifupi 23, thanki ili pafupi kuuma.

Kodi mumadziwa kuti m'mitambo kapena mumdima wa bii, thupi silidziwa kumwamba ndi pansi? Timadzi ta mkati mwa khutu timazolowera kukhota kwa pang'onopang'ono, munthu n'kumamva ngati akuuluka mowongoka pomwe ndege ikuzungulira kutsikira pansi. Mu 1954 ofufuza a pa yunivesite ya Illinois anayesa oyendetsa 20 omwe sanaphunzire kuuluka podalira mamita okha. Atawatchinga kuti asaone kunja, onse ndege inawapulumuka, ndipo pa avareji zinatenga masekondi 178. Izi n'zomwe zinapha John F. Kennedy Jr, mkazi wake ndi mlamu wake usiku wa pa 16 July 1999 pafupi ndi Martha's Vineyard. Nayenso Haris Suleman, mnyamata wa zaka 17 yemwe ankafuna kuzungulira dziko m'masiku 30 ndi bambo ake, anagwera m'nyanja mu July 2014 atangonyamuka usiku ku Pago Pago. Onse awiri anafa.

Mumadziwa kuti injini nayo imabanika pamalo okwera? Yopanda chopopera mpweya imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,700, Addis Ababa 2,300. Mlendo wozolowera mabwalo a m'mbali mwa nyanja, akadzadza mathanki ndi katundu masana kukutentha, amangodabwa msewu ukutha ndege ikadali pansi.

Kodi mumadziwa kuti chodya ndalama kwambiri paulendo wotere ndi kudikira? Zara Rutherford ananyamuka ku Kortrijk ku Belgium pa 18 August 2021 ali ndi zaka 19, akuyembekeza kuzungulira dziko m'miyezi itatu. Ku Nome ku Alaska anakhala pafupifupi mwezi, akudikira viza yatsopano ya ku Russia ndi nyengo yabwino. Pamudzi wa Ayan ku Russia chisanu chinamumanga masabata pafupifupi atatu. China inamukaniza kudutsa chifukwa cha Covid-19, ndipo anachita kuzungulira panyanja polewa North Korea. Anafika kwawo pa 20 January 2022. Tsiku lililonse lodikira ndi ndalama za chogona, za poimika ndege, ndi za chilolezo chatsopano. Ine ndimaona kuti mtengo ndi ngozi zimakumanirana pamenepa: thumba likamapepuka, mitambo yakuda ija imayamba kuoneka ngati yodutsika.

Ndipo mumadziwa zomwe zinatuluka pofufuza imfa ya Emiliano Sala? Katswiri wa mpira wa ku Argentina ameneyu, wa zaka 28, anali atangogulidwa ndi Cardiff City kuchokera ku Nantes pamtengo wa mapaundi 15 miliyoni. Usiku wa pa 21 January 2019 anakwera ndege ya Piper Malibu kuchoka ku Nantes kupita ku Cardiff, ndipo inazimiririka pafupi ndi chilumba cha Alderney. Boma linasiya kufufuza patatha masiku atatu. Anthu, kuphatikizapo osewera mpira otchuka, anasonkha mayuro oposa 300,000 kuti alembe akatswiri awoawo, ndipo zidutswa za ndegeyo zinapezeka pansi pa nyanja pa 3 February.

Lipoti la bungwe lofufuza ngozi za ndege ku Britain, AAIB, linatuluka mu March 2020 n'kuvumbula zambiri. Ndegeyo inkakhala ku Britain koma inalembetsedwa ku America, N264DB, monga zimachitira ndege zambiri za anthu wamba ku Ulaya. Woyendetsa, David Ibbotson, anali ndi laisensi ya munthu wamba, yosaloleza kunyamula munthu molipiritsa. Sanaphunzire kuuluka usiku, ndipo chilolezo chake choyendetsa mtundu umenewu wa ndege chinali chitatha. Anali akukhota polewa nyengo yoipa pamene ndege inamupulumuka, n'kuthyoka isanafike pamadzi. Ulendo wonsewo unali ngati wa matola opanda mapepala, wokwera osadziwa kanthu.

M'magazi a Sala munapezekanso mpweya wapoizoni wa carbon monoxide wofika 58 peresenti, mlingo woti munthu amakomoka nawo. Mu tindege totere mpweya wofunditsa m'kati umatenthetsedwa podutsa mbali mwa paipi ya utsi, choncho paipiyo ikang'aluka, utsi wosanunkha, wosaoneka umalowa mwa anthu. M'ndegemo munalibe chipangizo cholira pochenjeza za mpweyawu, chomwe mtengo wake sufika n'komwe pa thanki imodzi ya mafuta. David Henderson, yemwe anakonza ulendowo, anagamulidwa miyezi 18 kundende mu November 2021, ndipo kuyambira January 2025 Britain imalamula kuti tindege ta injini zotere tikanyamula anthu, chipangizocho chizikhalamo.